Mapazi a Che Twaibu

Dzulo tinachita sadaka ya amalume anga, Che Twaibu, kunyumba kwawo ku Liwonde, patatha masiku makumi anayi chiwaikire m'manda. A shehe atayamba pemphero la dua, ine kumene tinakhala amayi maso anga anali pa mikanjo ya abambo, Mulungu andikhululukire. Ndinkaiwerenga. Msoko wa amalume suvuta kuuzindikira: kolala yoima chilili ngakhale itachapidwa kambirimbiri, thumba la m'mbali lobisika moti umaliona pokhapokha mwini wake apisemo dzanja, mpendero wowongoka ngati anachita kuyeza ndi rula. Nditafika pa mikanjo khumi ndi isanu ndi iwiri ndinaleka, chifukwa misozi inayamba kundisokoneza. Sinali ya chisoni chokha. Ndinkanyadira.

Ndikananena pamaso pawo kuti anthuwa avala ntchito ya manja anu, akanandidula mawu pomwepo. Iwo ankati manja a telala ndi abusa chabe, amangolondolera nsalu kumene ikupita, koma wosoka weniweni ali pansi pa tebulo. Ankanena mapazi. Makina awo anali opalasa, akuda, olemera, akale kuposa ine. A magetsi ankawanyoza kuti ndi makina a anthu okonda kukhala chopinda manja kudikira magetsi abwere.

Anakhala zaka zoposa makumi atatu pakhonde la golosale ina, pafupi ndi pamene maminibasi a ku Balaka amaitanira anthu. Ankafika m'mawa, mzuli pamutu, tepi m'khosi. Tepiyo sankaivula ngakhale pa ukwati, ndipo akazi awo, Abiti Sumani, amalumbira mpaka lero kuti tsiku lina anapita nayo kubafa. Kunena zoona sankaifuna kwenikweni. Ukamabwera poteropo anali atakuyeza kale ndi maso, ndipo usanamalize moni ankakuuza kuti m'chiuno mwawonjezeka mainchesi awiri chichokere pa Idi yatha. Amayi ena ankapsa mtima, kulumbira kuti sapondaponso, mwezi wotsatira nkutulukira ndi chitenje china.

Chimene ankadana nacho kwambiri ndi mbiri yoti matelala ndi anthu abodza, anthu a mubwere mawa. Iwo akati Lachinayi, linali Lachinayi. Akaona kuti sangathe, nsalu sankailandira ngakhale uwagwadire. Koma akailandira nkuilemba dzina ndi choko kumphepete, inali yoti pakhondepo ichokapo ili chovala. Ankati telala wobweza nsalu ya munthu ndi bwino atseke makina akagulitse tomato. Chiyambire ntchito anali asanabwezepo ndi imodzi yomwe, ndipo zimenezi ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa.

Analinso ndi kayesedwe kawokawo ka zinthu. Ulusi watsopano ankaukulunga kuchala nkuukoka kamodzi, mwamphamvu. Ukaduka, wonsewo ankautaya. Mayeso obwereza kunalibe. Mawailesi ankawayesa chimodzimodzi, andale chimodzimodzi, akamwini chimodzimodzi. Khalidwe limeneli ndi limene linatsala pang'ono kuwachotsa pakhonde paja.

Kumapeto kwina kwa khonde lomwelo kumakhala a Gomani, osoka nsapato, Mkatolika wa ku Balaka wokonda kuwerenga chilichonse cholembedwa, ngakhale pepala lokulungira usipa. Awiriwa anakangana zaka zonse zimene ndinawadziwa. Ankakangana za siteshoni ya wailesi, za mpira, za amene wasesera zinyalala mbali ya mnzake, za ntchito yofunika kwambiri pakati pa ziwirizo. Amalume ankati munthu wopanda nsapato amafika ku Mangochi, koma wopanda buluku safika ngakhale pamsewu. Komatu tiyi wa teni koloko ankamwera limodzi, ndipo pa Ramadani a Gomani ankakadyera chinangwa chawo kuseri kwa golosale kuti mnzawo asaone.

Amene anawadziwa amalume m'zaka zawo zomaliza amakumbukira chinthu china, ulaliki wa pa tebulo. Munthu akangodandaula kuti mapazi akumuyaka kapena kumubaya, iwo ankasiya kupalasa, kusuntha nsalu, kutenga choko nkujambula pathabwa la makina mzere wautali wokhotakhota, ndi timizere topingasa pakati. Mzerewo unali Shire, timizereto tinali mageti a pa baraji, aja otsekera ndi kutsegulira madzi a mtsinjewo. Ankafotokoza theka la ola, kasitomala wina ataimirira ndi buluku m'manja. Akamaliza, wodwalayo kawirikawiri ankapempha kuti amugawireko timapilitsi tawo tiwiri tokha. Ankakana kwa mtuwagalu. Ankati mankhwala ali ngati suti, amayamba ayeza mwini wake, ndiye pita kuchipatala akakuyeze. Ulaliki umenewu sanabadwe nawo. Anauphunzira mochititsa manyazi, kwa mwana amene anamusokera yunifomu ya sitandade wani.

Zinachitika zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Matenda a shuga anali nawo kale, ndipo mankhwala ake ankamwa akakumbukira. Kenako zala za kumapazi zinayamba kuchita dzanzi. Dzanzi linasanduka kubaya, kubaya kunasanduka moto. Ankati zili ngati aponda makala, koma ukawagwira mapaziwo anali ozizira, opanda bala, osatupa. Chofunda chikangowakhudza ankadzidzimuka. Abiti Sumani anawaikira beseni la madzi pambali pa makina. Ankapalasa pang'ono, kuviika mapazi, kupalasanso, mpaka kuviika kunayamba kuchuluka kuposa kupalasa.

Anayesa zonse: panado, bufeni, mafuta opaka onunkha amene mwana wawo Yusufu anabwera nawo pochoka ku Joni. Anakatemera mphini kwa sing'anga wina wa cha ku Ntaja. Palibe chinasintha. Munthu amene ankamaliza mikanjo itatu patsiku anayamba kutha sabata ndi umodzi. Anaonda. Analeka kukangana ndi a Gomani, ndipo chimenechi ndicho chinatiopsa tonse.

Ramadani inali pafupi. Kwa telala wa ku Liwonde mwezi umenewu ndiwo masika, chifukwa aliyense amafuna chovala chatsopano pa Idi, ndipo ochenjera amabweretsa nsalu mwezi usanaoneke. Amalume anali atalandira kale mulu wa nsalu, zonse zolembedwa maina. Yusufu anakhala pansi ndi amayi ake nkugwirizana kuti nsalu zibwezedwe kwa eni ake nthawi ikadalipo, akapeze telala wina, ndipo Idi ikatha madala apite kumudzi ku Chikweo akapume. Telala wina wa makina a magetsi anali atayamba kale kufunsira malo a pakhonde. Yusufu sanali woipa mtima. Ankaona bambo ake akukukuta mano pa makina, mtima nkumamuwawa. Koma kwa amalume, kubweza nsalu nkupita kukakhala pamkeka ku Chikweo kunali kuikidwa m'manda ali moyo.

Sukulu zinali zotsekera, ndiye ndinachoka ku Balaka kumene ndimaphunzitsa nkuwaperekeza kuchipatala. Tinapeza Mayi Matewere, dokotala wa zaka zosafika makumi atatu, wokulira ku Liwonde konko. Amalume atangowaona anati, "Si iwe mwana wa a Matewere a ku njanji? Yunifomu yako yoyamba ndinasoka ndine, uli mamina chuu."

Mayi Matewere anaseka, navomera, nawavula patapata. Anawakhudza mapazi ndi thonje, kenako ndi kansonga, kuwafunsa pamene akumva ndi pamene sakumva. Ataona mphini anapukusa mutu nati phazi la munthu wa shuga salitema ndi lumo, bala lake limavuta kupola. Anayeza shuga, anayeza kuthamanga kwa magazi, anamvetsera mtima. Kenako anati shuga wawononga timitsempha ta m'mapazi tonyamula uthenga, nchifukwa chake tikukuwa kuti kuli moto pomwe moto palibe, ndipo ululu wotere panado saugwira. Analemba timapilitsi ting'onoting'ono totchedwa amitiriputilini, kamodzi patsiku, madzulo pokagona. Ananenanso zina, koma amalume anali ataleka kale kumvetsera. Ankayang'ana msoko wa kolala ya gauni la dokotalayo, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti sunawasangalatse.

Titafika pakhonde, a Gomani analanda kapepala ka mankhwala, kuvala magalasi, kuwerenga dzinalo mokweza, chilembo chimodzichimodzi. Kenako anatsitsa mawu, koma kutsitsa mawu kwa a Gomani kumamveka mpaka pa depoti.

"Che Twaibu, awatu ndimawadziwa. Ndi omwe ankamwa alamu anga aja atamwalira amuna awo, nthawi ija ankangolira osadya. Anakawalembera ku Zomba."

Ku Liwonde ukati munthu akulandira mankhwala a ku Zomba, aliyense amadziwa chimene ukutanthauza. Amalume anaimirira, kuiwala kuti mapazi akuwawa.

"Ngwamba! Iyayi! Ine ndapita ndi mapazi, iye akundipatsa za mutu? Ndiye kuti akuti motowu ndikungouganizira? Ndapenga ine?"

Timapilitsi tija tinaponyedwa m'dirowa ya makina, pamodzi ndi mabobini ndi mabatani osowa anzawo, ndipo tinagona m'menemo masabata awiri. Tsiku lina m'mawa ululu utawafika pakhosi, anatulutsa kamodzi mobisa nkumeza ndi tiyi, monga mmene munthu amamwera panado. Anadikira ola lathunthu. Moto unali pomwepo. Chimene chinabwera ndi tulo. Pofika masana anali atagoneka mutu pa nsalu ya kasitomala, kukamwa kuli yasa, akuliza mkonono, anthu a pa depoti akudutsa nkumakodolana. Madzulo nkhani inali itafika kumzikiti yoti Che Twaibu mutu wayamba kusokonekera. Amalume chigamulo anali atapereka kale: ulusi aukoka kamodzi, waduka. Tsiku lomwelo Yusufu anapinda mutu wa makina nkuulowetsa m'tebulo, natseka chivundikiro.

Amene anaimbira foni Mayi Matewere ndine, ndipo sindichita nazo manyazi. Loweruka, kutatsala masiku awiri kuti mwezi uoneke, anatulukira pakhonde atavala wamba, chitenje chatsopano chili m'jumbo. Amalume anali pampando pafupi ndi makina otseka, mapazi m'beseni, nkhope ili ndwii.

"Bambo, lero ndabwera ngati kasitomala," anatero Mayi Matewere. "Ndikufuna diresi la manja aatali. Ndidikira pomwepa, ikamakwana thwelofu ndikhale nditavala."

Amalume anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, sukulu yonse ija sanakuuze kuti diresi si chitumbuwa? Pali kudula, kulumikiza, kuyesa m'thupi, kukonzanso. Ngakhale ndikanakhala bwino ndikanakuuza masabata awiri."

"Diresi masabata awiri. Nanga mankhwala anga munawapatsa nthawi yaitali bwanji?"

A Gomani anatsokomola nayamba kufunafuna msomali umene sunatayike.

Mayi Matewere anakhala pa benchi, natola choko, najambula mzere pachivundikiro cha makina.

"Uyu ndi Shire. Kunoku ndi kumapazi kwanu, uku ndi kumutu. Uthenga wa ululu umayenda ngati madzi, kuchoka kumapazi, kudzera mumsana, kukafika ku ubongo. Ukafika wambiri mumamva kuwawa kwambiri, ukafika wochepa mumamva pang'ono. Tsono Mulungu anaika baraji mumsanamu. Ubongo uli ndi mankhwala akeake achilengedwe, dzina lake noradirenalini. Umawatumiza kutsika mumsana kuti akatsitse mageti, madzi azidutsa ochepa."

"Ndiye a baraji angawo ali kuti?" anafunsa amalume. "Agona?"

"Alipo. Kungoti akagwira ntchito pang'ono mitsempha imawayamwanso msanga, ngati antchito oweruka dzuwa lisanapendeke. Kwa munthu wabwinobwino zimakwanira. Koma inu mitsempha ya kumapazi inavulala, ikutumiza madzi osefukira usana ndi usiku. Kapilitsi aka kamatchinga njira yowerukira ija kuti azikhalitsa pa geti. Sikakonza phazi iyayi, kamakagwira ntchito mumsana. Ndipo zimatenga masabata kuti zikhazikike. Kumwa kamodzi ndi kungotaya, komanso kumwa m'mawa ndi kudzigoneka nokha pa ntchito."

Amalume anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali. Kenako anafunsa chimene chinkawadya mumtima.

"Nanga za ku Zombazi?"

"A Gomani sananame. Mankhwala omwewa amathandizanso anthu amene mtima wawo wagwa m'chisoni chosatha, pamlingo waukulupo kuposa wanuwu. Ndipo alamu awo aja sanali openga, anali odwala ngati inu nomwe. Koma ndikufunseni, bambo. Sizasi yanuyi imadula nsalu ya mkwatibwi?"

"Imadula."

"Sanda siidula?"

"Imadula."

"Ndiye tiziti ndi sizasi ya maliro?"

Amene anayamba kuseka ndi a Gomani, kuseka kwa munthu wogwidwa. Amalume anayesa kuumitsa nkhope koma ndevu zinawaulula.

Chimene ndinawakondera mayi amenewa nchakuti sanawanamize. Anati mankhwalawa sagwira kwa aliyense, ndipo akalephera adzayesa ena. Anati mitsempha yowonongeka saibweza mwakale, moto angauchepetse koma mwina osauzimitsiratu, ndipo shuga akapanda kumusamala zonse nzachabe. Anawachenjeza kuti kukamwa kuziuma, azidzuka pang'onopang'ono kuopa chizungulire, ndipo mtima ukayamba kugunda modabwitsa kapena mkodzo kuvuta, abwere tsiku lomwelo. Za kusala anati chaka chimenecho asayese chifukwa cha shuga, ndipo ngati akukayika akafunse a shehe. A shehe anagwirizana ndi dokotala. Amalume anadandaula sabata yonse kuti masiku ano ngakhale mashehe akuopa ana a sukulu.

Mayi Matewere asananyamuke, amalume anatenga chitenje chija, kuchitembenuza, kulemba dzina ndi choko kumphepete. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Kenako anatembenukira kwa Yusufu.

"Nsalu ya munthu isachoke pano mpaka pa twente Ramadani. Likafika tsikulo makinawa asanalire, undinyamule upite nane ku Chikweo. Sindidzatsegula pakamwa."

"Baba, masiku khumi otsalawo anthu akamupeza kuti telala? Adzatitukwanatu."

"Adzatukwana ine. Maina pa nsaluzi ndinalemba ndine."

Sabata yoyamba panalibe chosintha kupatula kukamwa kouma ndi tulo, ngakhale Abiti Sumani anati tulo tomweto tinali mphatso, chifukwa panali patatha miyezi nyumba yonse isakugona bwino. Kapilitsi ankapereka ndi iwo, madzulo aliwonse anthu akamaliza futari yomasulira kusala, nkuima pomwepo mpaka aone kuti kamezedwadi. Amalume sanakhale manja lende. Ankati manja sanadwale. Anadula nsalu zonse, imodzi ndi imodzi, kuzigwiriza ndi mapini ndi msoko wapamanja, kuzisanja m'katoni mwa dongosolo lake. Yusufu ataona anagwira mutu, chifukwa nsalu yodula sungaibweze kwa mwini wake monga inabwerera. Madala anali atadzitsekera okha njira yobwerera m'mbuyo.

Sabata yachiwiri anapitanso kuchipatala, ndipo Mayi Matewere anawonjezera mlingo pang'ono. Moto unalipobe. Lamlungu lina ndinawapeza atakhala pansi akuyang'ana katoni ija, ndipo anandiuza motsitsa mawu kuti mwina Yusufu ankanena zoona. Ndinali ndisanawaonepo ali ndi mantha chotero, ndipo inenso ndinachita mantha. Posowa chowauza ndinangoti kuona maso a nkhono nkudekha. Anandiyankha kuti nkhono ilibe makasitomala.

Pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri la Ramadani, ndili mu ofesi ya aphunzitsi nthawi ya buleki, foni yanga inalira. Inali nambala ya a Gomani, amene anali asanandiimbirepo chibadwire. Ndinayankha, koma kunalibe mawu a munthu. Kunkangomveka phokoso: tchaka-tchaka-tchaka-tchaka, kuima pang'ono, kenako kuyambanso, mofulumira, mosadodoma.

"Mukumva, aphunzitsi?" anakuwa a Gomani. "Mukumva? Mdala wovutayu wayambanso kutisokosa! Wailesi yanga sikumvekanso kuno!"

Kumbuyo kwawo ndinamva mawu a amalume: "Muuzeni akamabwera atenge masingano a nambala sikisitini, awa abuntha!"

Ndinalira pamaso pa aphunzitsi anzanga, ndipo a hedi anathamanga poganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro.

Abiti Sumani anandifotokozera pambuyo pake kuti sizinachitike mwadzidzidzi. Masiku atatu m'mbuyomo anaona kuti amuna awo afunda mpaka kumapazi. Kenako beseni linakhala tsiku lonse osaviikamo. M'mawa wa tsikulo amalume anavala masokosi, nauza Yusufu kuti atsegule makina angowathirako mafuta. Atathira mafuta anati angoona ngati gudumu likuzungulirabe. Anaika phazi limodzi pa chopondera, kenako linalo. Choyamba kusokedwa chinali diresi la manja aatali. Yusufu anavula jekete, nathira makala mu simbi nkuyamba kusita zomalizidwa, ntchito imene anaithawa ali mwana.

Moto sunathe wonse. Iwo ankati watsika kuchoka pa makala kufika pa mchenga wa masana, ndipo pa mchenga munthu amayendapo. Ankasoka ola, kupuma, kusokanso. A Gomani, pofuna kufafaniza tchimo la pakamwa pawo, anawasokera nsapato zofewa, zotakasuka, zopanda msoko m'kati, nawauza kuti akaziwononga asabwerenso. Eni nsalu ankabwera m'modzim'modzi, ena akuyembekeza kumva pepani, nkuchoka ndi chovala chosita pamkono. Mkanjo womaliza unatengedwa madzulo a tsiku loti mawa Idi. Palibe nsalu imene inabwezedwa.

M'mawa wa Idi, pemphero la swala litatha pabwalo, amalume sanathamangire kunyumba. Ankayenda pakati pa anthu pang'onopang'ono, nsapato za a Gomani kumapazi, kupereka moni uku akukonza makolala, kukoka phewa apa, kuwongola thumba apo. Amene ankanong'ona kuti mutu wasokonekera anaima chilili ngati ana a sukulu, kulola kukonzedwa. Atafika pamene ndinaima ine anati, "Alihamudulilahi. Ukamuuze mwana wa a Matewere kuti ulusi wake ngolimba. Amene anakoka molakwika ndine." M'moyo wanga wonse ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akuvomera kulakwa, ndipo anasankha malo amene ankadziwa kuti a Gomani sangapezekeko.

Anasokabe zaka zisanu ndi ziwiri. Panali masiku ovuta, makamaka mu Juni kukazizira. Chaka china anasiya okha mankhwala podzimva kuti achira, moto nkubwerera, ndipo Mayi Matewere anawakalipira ngati mwana iwo atazyolika, mzuli m'manja. Sanabwerezenso. Ku Chikweo ankapita kukacheza, nkubwerako Lolemba m'mawa chifukwa ntchito inkawadikira. Anamwalira atadwala masiku anayi okha, matenda ena osakhudzana ndi mapazi, ndipo ulendo wokakhalitsa kumudzi unali umenewo.

Lero pobwerera ku Balaka ndinadzera pakhonde paja. Makina Yusufu anawanyamula, ali m'nyumba. Pasimenti patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inkaima, ndi banga lakuda la mafuta pakati. Khonde likuoneka lalikulu kuposa mmene ndinkalidziwira. Palibe amene waikapo kanthu, ndipo amayi ogulitsa nthochi amene amafuna mthunzi uliwonse akungolambalala. A Gomani anali kumbali kwawo, akubaya chidendene cha nsapato ina mwakachetechete.

Pa nsanamira ya mbali ya amalume pali msomali, ndipo pamsomalipo palendewera zingwe zachikopa, zakuda, zothetheka, zina zoduka. Ndinali ndisanazionepo, chifukwa malowo nthawi zonse ankabisika ndi zovala zopachika. Ndinafunsa a Gomani kuti nchiyani.

"Malamba a makina amenewo, ozungulitsa gudumu. Ndinkawadulira ndine. Kale lamba akatha ankataya. Koma chiyambire chaka chija anati satayanso, azipachika apo, kuti aliyense amene anati Twaibu watha adzawerenge yekha."

Ndinawerenga. Analipo asanu ndi anayi.

A Gomani anaika nsapato pansi, natsegula bokosi lawo la zida, natulutsa lamba watsopano, wokulunga bwino, akununkhirabe chikopa.

"Wakhumi ndinali nditadula kale," anatero. "Mdala ameneyu ankapalasa ngati akuthamangitsidwa."

Anadzuka, nawoloka kupita mbali ya mnzawo, nakamupachika pamsomali pamodzi ndi enawo.